Mbewa ya Manyazi Inafera Kuuna

Mphunzitsi wina wa kumudzi analemba nkhani yaitali yopeka m'makope anayi. Ankalemba usiku pa kuwala kwa koloboyi, akatha kuchonga ntchito za ana. Ataimaliza, anaikulunga m'chitenje naibisa pansi pa zovala m'bokosi lamatabwa. Mkazi wake atamufunsa chifukwa chimene sankaitumizira kwa osindikiza mabuku, iye anati, "Amayi, amenewo angadzafute dzina langa n'kulembapo la mbale wawo."

Manthawa sanali opanda pake. Mlembi amapereka thukuta lake kwa anthu osawadziwa, ndipo kampani yaing'ono, ya mkonzi mmodzi kapena awiri, imatha miyezi yambiri osayankha. Kukhala chete koteroko ndiko kumabala chikayiko.

Patapita zaka zitatu, mphunzitsiyo analimba mtima napita mumzinda chimanjamanja kukafunsa ku kampani ina yotere. Mkonzi sanalumbire kuti ngwokhulupirika ayi, koma anamutsegulira kaundula. "Aphunzitsi," anatero, "muno timalembamo dzina lanu, mutu wa nkhani, masamba ake ndi tsiku limene tailandira. Tikatero timakupatsani lisiti losayinidwa ndi kukuuzani mwezi woyembekezera yankho. Tikaikonda, timalemberana pangano lonena gawo lanu la ndalama pa buku lililonse logulitsidwa. Inunso muzisunga makope anu oyambirira, pakuti ndiwo mboni yanu."

Anamufotokozeranso kuti nkhani imakhala chuma cha mlembi kuyambira pamene yalembedwa. Umwini umenewu umatetezedwa ndi lamulo la mu 2016, limene linalowa m'malo mwa la mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA, lokhazikitsidwa mu 1992, limayang'anira ufulu wa alembi ndi oimba. Komabe lamulo limateteza nkhani monga momwe yalembedwera, osati ganizo lokha. Anthu awiri angathe kulemba za mwana wamasiye wozunzidwa popanda wina kubera mnzake.

Mphunzitsi uja anabwerera kwawo mtima uli m'malo, atazindikira kuti kukhulupirirana sikumera pa malonjezo apakamwa koma pa zinthu zooneka ndi maso. Atafika anatsegula bokosi lija. Kalanga ine! Chiswe chinali chitaboola thabwa lapansi n'kudya kope lachinayi, mmene munali mathero a nkhani. Wakuba amene ankamuopa mumzinda sanabwere. Amene anamubera anali m'nyumba mwake momwe.

Usiku womwewo anayatsa koloboyi nayamba kulembanso.