Kompyuta ya Acimwene

Acimwene anamwalira n'kutisiyira kompyuta yakale ya Windows XP imene anagula ku Cuamba. Tikaiyatsa inkaonetsa phiri lobiriwira lacilendo ndi timafoda tambirimbiri ta maina a Cipwitikizi. Amayi sadziwa kuwerenga, ndiye ankangoionera patali.

Tsiku lina ndinacotsa phirilo n'kuikapo cithunzi ca acimwene ali m'bwato pa nyanja ya Chiuta. Timafoda tonse ndinatibisa, kupatula ka zithunzi za banja. Kameneko ndinakakulitsa n'kukakonza kuti kazitseguka pongodina kamodzi.

Ku intaneti sindiilumikiza, poti Microsoft inasiya kuteteza XP mu 2014. Amayi alibe nazo nchito zimenezo. Batire ya sola ikadzaza, madzulo amaiyatsa okha, amvekere: "Ndimuoneko mwana wanga."