Kanyumba kakale ka ku Zomba: maso akopeka, thumba likukayika

Mzinda wa Zomba unali likulu la dziko la Malawi kufikira m'chaka cha 1975, pamene boma linasamukira ku Lilongwe. Mpaka lero mumzindawu muli nyumba za nthawi ya atsamunda, za njerwa zootcha, zofolera ndi malata komanso za makonde otakasuka. Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikusinkhasinkha zogula imodzi mwa nyumbazi, kanyumba ka zipinda zogona ziwiri m'tsinde mwa phiri. Ndalama zogulira ndi zomwe ndakhala ndikusunga chiyambireni ntchito, kuphatikizapo ngongole ya kubanki.

Kunena zoona, kanyumbaka kali ndi ulemerero wake. Makoma ake ndi ochindikala ndipo denga ndi lalitali, kotero kuti mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, m'kati mumakhala mozizira bwino. M'chisanu cha mu Juni muli malo osonkhapo moto pabalaza. Zitseko ndi mitengo ya kudenga ndi za mkungudza wa ku Mulanje, umene chiswe sichiulowa wamba. Mtengowu watsala pang'ono kutheratu, choncho matabwa oterewa ndi chuma chosowa.

Komatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mmisiri amene anakayendera nyumbayi anapeza kuti njerwa zake anazimanga ndi dothi ndi laimu. Khoma lotere limafuna kupuma. Ukalimata simenti, chinyontho chimatsekeredwa m'kati ndipo njerwa zimayamba kufumbutuka. Nthambo za magetsi n'zofunika kusintha zonse, mapaipi achitsulo anachita dzimbiri, ndipo malata ena anabooka. Ngalande ya kuseri inakwiririka kalekale, pamene namondwe wa Freddy anationetsa m'chaka cha 2023 zimene madzi otsika m'phiri angachite. Nyumba yakale umaigula kawiri: koyamba kwa mwini wake, kachiwiri kwa amisiri.

Palinso nkhani ya mapepala. Lizi ya malo a m'tauni kawirikawiri imakhala ya zaka 99, ndipo wogula ayenera kukafufuza ku Unduna wa za Malo kuti zatsala zingati. Afunsenso ngati palibe ngongole ya msonkho kukhonsolo, komanso ngati ana onse a malemu mwini nyumba agwirizana zogulitsa. Izi zikukhudzanso inu alimi amene mukakolola bwino mumalakalaka kugula nyumba yakale pamsika wa kwanu.

Maganizo anga ndi awa. Sindisayina pepala lililonse m'chilimwe. Ndidikira mvula ya mu Januwale kuti ndikaone ndekha pamene denga likudontha ndi kumene madzi akulowera. Ngati ndalama zokonzera zingapose gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa nyumbayo, ndidzaisiyira ena a matumba akuya. Zikachepa, ndidzayamba ndi denga ndi ngalande. Penti adzabwera pomaliza.