M'mera Mpoyamba

Ndinagwira choko kwa zaka 34 ndisanapume pantchito. Chaka ndi chaka ana ankachoka m'manja mwanga, ine n'kutsala ndi kaundula wa maina awo okha. Funso limene linkandisowetsa mtendere linali ili: kodi ana amenewa anakathera kuti?

Akatswiri a pa University of North Carolina ku America anafuna yankho la funso lotereli. M'zaka za 1994 ndi 1995 anayamba kafukufuku wotchedwa Add Health. Anacheza ndi achinyamata oposa 20,000 a msinkhu wa kusekondale m'makomo mwawo. Sanalekere pomwepo ayi. Anawalondolanso mu 1996, mu 2001 ndi 2002, mu 2008, ndiponso kuyambira 2016 kufikira 2018, pamene onsewo anali atapitirira zaka 30. Ankawafunsa za sukulu, ntchito ndi banja, ndipo ankawayeza sikelo ndi kuthamanga kwa magazi.

Kudekha kotereku kunabala zipatso. Mu 1997 akatswiriwo anaonetsa kuti wachinyamata amene amaona kuti makolo ake amamukonda, ndiponso kuti aphunzitsi amamusamala, kawirikawiri sathamangira fodya, mowa kapena ndewu. Pambuyo pake zinaonekanso kuti chitetezo chimenechi chimamutsatira munthu mpaka kuukulu.

Nditamva zimenezi, ndinakumbukira mnyamata wina wa Sitandade 8 amene ankawodzera m'kalasi mwanga. Ine ndinkati ndi ulesi, choncho ndinkamupatsa chibalo cholima m'dimba la sukulu. Posakhalitsa anasiya sukulu. Patapita zaka 20 tinakumana pamsika, iye atawonda ndi kachasu. Anandiuza kuti masiku amenewo bambo ake anali atamwalira kumene, ndipo usiku ankalonda pagolosale kuti abale ake adye. Potsiriza anati, "Aphunzitsi, mukadangondifunsa." Mawu amenewa sanachoke m'mutu mwanga kufikira lero.

Pamenepo ndinazindikira kuti zotsatira za mayeso zimatuluka pakangopita miyezi, koma zotsatira za kaleredwe zimatuluka mwana atamera imvi. Akuluakulu sananame ponena kuti m'mera mpoyamba. Tsono inu ophunzira, mukaona mnzanu wangoti ndwii pakona, musamuseke. Mufunseni chimene chamuvuta, pakuti funso limene ine ndinalephera kufunsa likhoza kuwombola moyo wake.