Makina a makatoni sadikira dzanja

Kwathu ndi ku Senga Bay, koma luso langa ndinalitenga m'tauni, m'fakitale ina yopanga makatoni, komwe ndinali woyendetsa makina kenaka wokonza. Kuno kunyanja katoni ili paliponse. Amayi a geni ya usipa amalongedzamo nsomba zouma popita ku Lilongwe, ndipo sopo ndi mafuta ophikira zimafika m'magolosale zili momwemo. Koma ndi ochepa amene anaonapo makina amene amaipanga.

Katoni ndi mapepala atatu omatidwa pamodzi. Awiri akunja ndi osalala, lapakati ndi lopindikapindika ngati malata. Pepala limabwera m'mipukutu ikuluikulu yosanyamulika ndi manja, n'kudutsa pakati pa marola awiri a mano otenthetsedwa ndi nthunzi ya m'boyila. Guluu wake ndi sitachi wosakaniza ndi soda. Likauma, limapita ku mipeni yodula, ku makina osindikiza dzina la mwini katundu, n'kuthera kwa omata kapena osoka ndi waya.

Ngozi yaikulu ili pamene marola awiri akumanirana. Pepala likang'ambika kapena kukakamira, njira yoyenera ndi kuimitsa makina. Koma kuimitsa kumaononga pepala lomwe lili pamoto, guluu amauma, ndipo kapitawo akuwerenga makatoni a tsikulo. Ndiye mnyamata amati angosolola kachidutswako msangamsanga makina akuyenda. Rola ikagwira nsonga ya chala siyitaya, imameza mpaka pachigongono, ndipo popeza ndi yotentha, imaphwanya n'kuwotcha nthawi imodzi. Magolovesi, amene ambiri amawayesa chitetezo, pamenepa ndi mdani, chifukwa nsalu ikakodwa imakoka dzanja lonse.

Mnzanga wina anataya zala pa shifiti ya usiku. Chotchingira cha pa rola chinali chitachotsedwa pokonza makina, osabwezeretsedwa, chili chotsamira khoma. Anali bambo wa ana, wodziwa ntchito kuposa ine. Anthu akamanena kuti ovulala ndi osasamala, mtima umandiwawa, chifukwa munthu amene waimirira usiku wonse m'phokoso ndi m'kutentha adzaphethira ndithu. Chotchingira chinaikidwa chifukwa cha kuphethira komweko.

Kuno kwathu palinso vuto la kuzima kwa magetsi. Makina akaima okha, munthu amalowetsa dzanja kuti achotse zokakamira, magetsi n'kuyaka dzanja lili m'kati. N'chifukwa chake ine sindigwira makina ndisanazimitse pa switchi yaikulu, kukhomapo loko wanga, kiyi n'kuika m'thumba langa. Ngakhale bwana akalipe, kiyiyo sindipereka kwa wina.

Malamulo alipo. La Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limalamula kuti mbali zoopsa za makina zitchingidwe, komanso kuti ngozi zikachitika zinenedwe ku boma. La Workers' Compensation Act la 2000 limapereka chipukutamisozi kwa wovulala pa ntchito. Mu 2019 dziko lathu linavomerezanso pangano la ILO la nambala 155 lokhudza chitetezo ndi umoyo wa pa ntchito. Koma ndinaona ndi maso anga zotchingira zikubwerera m'malo mwake m'mawa umene kwamveka kuti kukubwera alendo, n'kuchokanso alendowo atapita. Pempho langa kwa oyendera mafakitale ndi lakuti azifika osalengeza, azifikanso usiku, ndipo azicheza ndi munthu wa pamakina bwana ali patali.

Tsopano ndinabwerera kumudzi, ndimakonza zigayo ndi macheka a magetsi a akalipentala. Zimene ndinasiya m'tauni ndazipezanso kuno: lamba wa chigayo ali pamtunda, mayi wa chitenje akuwerama pafupi kuti awole ufa, mwana ali kumbuyo. Ndikakonza chigayo, ndimawotcherera chotchingira cha waya pa lamba, ndipo mwini wake akakana mtengo wake, ndimamuuza kuti aitane wina. Boma la Salima lili ndi fakitale ya shuga ndi ya mango, ndipo achinyamata athu ambiri akusiya ngalawa kukafuna ntchito ya pamakina, ena mpaka ku Kanengo.

Amene amabwera kudzaphunzira kwa ine ndimayamba kuwaonetsa pozimitsira ndisanawaonetse poyatsira. Ndimawauzanso kuti akavulala asalandire kandalama ka m'manja n'kukhala chete. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, dokotala alembe m'buku kuti bala lachitikira pa ntchito, asunge bukulo, ndipo nkhaniyo ikafike ku ofesi ya zantchito ku boma.