Mnyamata Akatha Msinkhu, Amulangiza Ndani?

Kuno ku Katete mtsikana akatha msinkhu, nkhani sigona. Ambuye ake amva tsiku lomwelo, azakhali auzidwa, ndipo sabata isanathe alangizi adziwa kale kuti pakhomo pakuti pali namwali. Koma mnyamata wa msinkhu womwewo, mawu akayamba kukula ndi tsitsi kumera m'khwapa, palibe amene atuma uthenga kwa wina aliyense. Angomuuza kuti wakula, asamukire ku mphala, ndipo m'mawa alawire kudambo ndi ng'ombe.

Ife amene tithandiza pa wailesi ya m'dera lino timaziona zimenezi tikatsegula mafoni pa pulogalamu ya zaumoyo wa acinyamata. Oimba ambiri ndi azimayi, ndipo dandaulo lawo ndi la ana aakazi: wayamba kubwera usiku, wapezeka ndi foni imene sitinamugulire, ayenda ndi wa njinga yamoto. Azibambo akaimba, nawonso akamba za mwana wamkazi. Za mwana wamwamuna wa zaka 12 kapena 13 timazimva pokhapo ng'ombe zikadya cimanga ca eni ake.

Musatimve ngati tikuti mtsikana ndiye ali ndi mwayi. Malangizo alandira ambiri, inde, koma tamverani zimene zili m'katimo. Ku cinamwali aphunzira ukhondo, ulemu kwa akulu, kasungidwe ka nsalu za kumwezi, ndi kuti asathire mcere m'ndiwo akakhala kumwezi. M'midzi ina aphunziranso za kukondweretsa mwamuna, pamene iye akali mu Giredi 6. Zakuti mimba imabwera bwanji, ndi kuti ali ndi ufulu wokana ngakhale mwamunayo anamugulira sopo, nthawi zambiri sizikambidwa. Mafumu athu, kuyambira Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, akhala akuletsa kukwatitsa ana, ndipo alangizi ena anayamba kusunga malangizo a m'banja mpaka nthawi ya ukwati weniweni. Amenewo tiwayamikira. Koma mtolo wonse ukali pamutu pa mtsikana: adzisunge, abise, asacititse manyazi mtundu.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti mu Zambia atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Kuno kum'mawa anali pafupifupi 40 pa 100. Kuwerengaku kuyambira pa zaka 15, koma mbewu yake imafesedwa mwana ali ndi zaka 10 mpaka 14, nthawi imene makolofe timati akali mwana, sangamve. Ena mwa atsikanawa amafika ku St. Francis mafupa a m'ciuno asanakhwime, ndipo ena amadzabwereranso komweko ndi vuto la fistula, lija mkodzo umangodontha wokha. Mimba iliyonse ili ndi mwini wake wamwamuna, wina bambo wamkulu, wina mnzake wa m'kalasi, koma amene akhala pa benchi ku sikelo ndi mtsikana.

Nanga mnyamatayo aphunzira kuti? Ku ubusa. M'midzi yambiri ya Katete ndi Sinda mwana wamwamuna amaweta ng'ombe za munthu wina zaka zingapo kuti pomaliza alandire yake imodzi. Tsiku lonse ali kuthengo ndi anyamata omuposa zaka, ndipo aphunzitsi ake ndi amenewo, pamodzi ndi mavidiyo a pa foni imene azungulira asanu. Za kudambwe sitikamba pa wailesi, ndipo sitidzazikamba pano, koma tonse tidziwa kuti kumeneko mwana apita kukaphunzira ulemu ndi kulimba mtima, osati masiku a mwezi wa mkazi.

Tikapita kukaceza ndi ana m'masukulu timawapatsa timapepala kuti alembe mafunso osaika dzina. Atsikana afunsa za kupweteka kwa m'mimba ndi kumene angapeze mapadi. Mapepala a anyamata ndiwo atikhalitsa cete. Wina afunsa ngati kulota usiku n'kudzuka atanyowa ndi nthenda. Wina anamva kuti akapanda kugona ndi mtsikana msana udzamupweteka. Wina atsimikiza kuti tsiku loyamba mimba siingalowe. Awa si ana oipa. Ndi ana amene palibe wamkulu anakhalapo nawo pansi. Ndipo ndi omwewa amene aseka kwambiri mtsikana akaimirira m'kalasi diresi ili ndi dontho la magazi, mpaka iye akhala kunyumba masiku atatu. Apa tingonenako: mayi wa pa nchito lamulo limupatsa tsiku limodzi pa mwezi, lija timati Mother's Day, koma mwana wa Giredi 7 akajomba pa cifukwa comweco angolembedwa kuti sanabwere.

Malamulo alipo, ndipo ena ndi abwino. Kuyambira 1997 mtsikana wobereka aloledwa kubwerera ku sukulu. Mu 2014 maphunziro okhudza thupi ndi kugonana analowa m'masukulu kuyambira Giredi 5. Mu 2022 malipiro a sukulu anacotsedwa, ndipo mu 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja, ngakhale la mwambo. Azaumoyo amatsatira atsikana m'masukulu ndi katemera wa HPV woteteza khansa ya khomo la ciberekero. Koma mnyamata wa ku ubusa sali mu Giredi 5, ali kudambo. Cipatala cimuitana makamaka pa za mdulidwe, ndipo bala likapola nkhani yathera pomwepo.

Cimene citiwawa kwambiri ndi ca amalume. Pa Cicewa cathu malume ndiye mwini mbumba. Mphwake ali ndi zaka 12, mawu alibe. Koma tsiku limene mphwake yemweyo wapereka mimba, malume uja avala jekete, akhala pampando wakutsogolo, ndipo akangana mwaluso za damaji: ng'ombe zingati, ndalama zingati, alipira liti. Mlandu ukatha mnyamata abwerera ku zake. Mtsikana ayamba kufunafuna matewera.

Mwezi watha tinaitana madoda atatu kuti akambe pa wailesi ndi anyamata ang'onoang'ono, monga mmene alangizi acitira ndi anamwali. Anabwera msanga, mmodzi pa njinga kucoka kufupi ndi phiri la Mphangwe. Vuto linabuka tisanayatse maikolofoni. Azimayi ali ndi mawu awo aulemu amene mwana angamve pamaso pa ambuye ake: kumwezi, kusamba, pakati, kudzisunga. Madoda aja atayesa kuchula zimene zicitikira mnyamata, anapeza kuti mawu amene ali nawo ndi a kumowa kapena Cizungu ca ku kiliniki. Tinatha theka la ola tikusankha mawu, wina achula, ena akana, onse akuseka mwamanyazi. Pomaliza wamkulu pa onse anati tingoyamba ndi funso la kulota lija, mawu adzapezeka m'njira. Woyamba kuimba foni anali mayi wa ku Sinda, wofunsa ngati pulogalamuyo tingaibwereze madzulo, ana ake aamuna akabwerako ndi ng'ombe.