Chuma changa chili pansi pa khola

Bambo anga anali msodzi, agogo anganso chimodzimodzi. Kuno pachilumba cha Chisi mwana wamwamuna amayamba kupalasa bwato asanadziwe kuunga mzere. Koma mu 2018 nyanja ya Chilwa inaphwa ngati mmene inachitira mu 1995 ndili kamnyamata. Ndi nyanja yosazama. Mvula ikavuta, Domasi ndi Likangala n'kuchepa madzi, otsalawo limamwa ndi dzuwa. Mabwato anangoti mbwee pamatope ong'aluka, matemba osaoneka. Chaka chimenecho ndinagulitsa ukonde n'kugula mbuzi ziwiri zazikazi kumtunda, kupitirira Kachulu. Pamtundu pathu panalibe amene anawetapo, moti zonse ndinaphunzira ndi misozi.

Dzinja loyamba ndinkazimangirira kudambo, pafupi ndi njedza, mame asanakamuke, tsiku ndi tsiku pachikhomo chomwecho. Msipu unali wobiriwira ndipo ine mtima unali m'malo. Kenaka imodzi inayamba kuonda, kukhosi kunsi kwa chibwano kunatupa, ndipo nditatsegula chikope ndinapeza m'kati mwayera ngati ufa woyera. Inafa ili ndi bere. Alangizi a ziweto ndiwo anandiuza kuti zinali njoka za m'mimba: mazira ake amatuluka ndi ndowe, amaswa pachinyezi, tianato n'kukwera udzu, mbuzi n'kutidyanso. Kuyambira pamenepo chikhomo ndimachisuntha tsiku lililonse, ndipo pamene zadya sindibwererapo mpaka patapita masabata angapo. Udzu nawo umapuma n'kuphukira bwino.

Lero ndili ndi mbuzi 11, tonde mmodzi. Zimagona m'khola la m'mwamba. Mitengo ya pansi pake ndinaisiyanitsa mpata wa chala chimodzi, kuti ndowe zizigwa koma mwendo wa kamwana usakodwe. Alendo akabwera amawerenga mbuzi, koma ine ndimawaonetsa pansi pa kholapo, chifukwa chuma changa chenicheni chili pamenepo.

Loweruka lililonse ndimakokola ndowezo n'kuziunjika pamthunzi: mapesi oduladuladula pansi, ndowe pamwamba, masamba a gliricidia, kaphulusa, zitosi za nkhuku, madzi pang'ono, kenaka kuphimba ndi udzu. Pakatha masiku ochepa ndimapisa dzanja m'kati. Mukatentha ndimadziwa kuti ntchito ikuyenda. Ndimatembenuza, ndimadikira, mpaka muluwo utazizira n'kuda bii, fungo lake ngati dothi la m'nkhalango mvula yoyamba itagwa. Apo manyowa apsa. Ndimathira manja awiri paphando.

Munda wanga uli pamtsetse wamiyala, umene bambo ankati sungabereke kanthu. Ndinadzala vetiva m'mizere yopingasa, nandolo pakati pa chimanga, nsenjere ndi lukina m'malire. Lukina ndimadyetsa mosakaniza ndi udzu, chifukwa payekha akachuluka amadwalitsa mbuzi. Makoko a nandolo ndi masangwi a mtedza ndimasunga patsindwi kuti zidye mu Okutobala, kunja kukauma gwa. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023, madzi anatsika phiri mwaukali, koma dothi langa lambiri linatsakamira pa vetiva. Pano ndikakumba ndimapeza nyongolotsi, pamene kale khasu linkangolira pamwala.

Nyanja inabwerera, ndipo anzanga ambiri anabwerera ku zimbowera, tizisakasa ta asodzi ta panyanja. Sindiwanena, nsomba ndi imene inatilera. Chimene chimandipweteka ndi utsi wa m'chilimwe, anthu akamatentha mapesi pofuna mbewa kapena pososa. Chimapsa pamenepo ndi chakudya cha mbuzi ndi chofunda cha nthaka, pachilumba pamene malo olima ndi ochepa kale.

Abale anga a pa Chisi, chaka chino musayatse moto m'munda. Ngati mapesiwo mulibe nawo ntchito, nditumizireni mwana adzandiuze. Ndidzatuta ndekha, ndipo pobwera ndidzakutengerani ndowa ya manyowa okupsa kuti mukayese pamizere iwiri yokha.