Nyale imodzi, maswichi awiri

Kuchokera pakhonde la nyumba yathu ku Chilomoni kukafika pageti pali mamita 30, njira yake yotsetsereka komanso yamiyala. Amayi anga, omwe tsopano ndi achikulire, amaidutsa mbandakucha popita ku mapemphero.

Nyale yapanja inalipo, koma swichi yake inali imodzi yokha, pabalaza. Amayi akaiyatsa potuluka, inkayakabe mpaka ine nditadzuka. Inali nyale yakale ya mawati 500, yodya yuniti yathunthu pa maola awiri okha. Tsiku lina ndinadandaula kuti, "Amayi, mayunitsitu akutha msanga." Sanayankhe kanthu, koma kuyambira pamenepo anasiya kuiyatsa.

M'mawa wina mvula itagwa usiku wonse, anaterereka mumdima n'kuthyoka dzanja. Tili pamzere kuchipatala sanandinene ngakhale pang'ono, ndipo kukhala chete kwawoko n'kumene kunandipweteka kwambiri. Ndinasunga mayunitsi, n'kuvulaza mayi wondibereka.

Maganizo anga oyamba anali ogula waya wotchipa, kuuyendetsa pampanda, n'kuikanso swichi pageti ndekha. Mwamwayi ndinayamba ndafunsa mmisiri wa magetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA. Iye anapukusa mutu nati, "Achimwene, magetsi athuwa ndi mavoti 230. Akakumana ndi mvula, gogo sadzangothyoka dzanja lokha."

Anandijambulira pansi mmene zimayendera. Swichi wamba ili ndi malo awiri omangirapo waya, pomwe yofunika pano ili ndi atatu: COM, L1 ndi L2. Waya wamoto umalowa pa COM ya swichi yapabalaza. Mawaya awiri amachoka pamenepo kupita pageti, wina kulumikiza L1 ndi L1, wina L2 ndi L2. Kenako COM ya pageti imapereka moto kunyale. Zili ngati njira ziwiri zapakati pa midzi iwiri: maswichi onse akaloza njira imodzi, moto umadutsa, nyale n'kuyaka. Imodzi ikaloza njira ina, nyale imazima. N'chifukwa chake aliyense akhoza kuyatsa kapena kuzimitsa ali mbali iliyonse. Anatsindikanso kuti swichi imadula waya wamoto, osati wa neutral, ndipo waya wa earth uyenera kufika mpaka panyale.

Ngalande ndinakumba ndekha, yakuya theka la mita. Mmisiriyo anaikamo kebulo yokutidwa ndi zitsulo kuti khasu lisadzaidule. Pageti anaika swichi yosalowa madzi, ndipo pabokosi la magetsi anawonjezera chipangizo chotchedwa RCD, chomwe chimazimitsa magetsi nthawi yomweyo moto ukayamba kuthawira pansi kapena m'thupi la munthu. Nyale yakale ija tinaichotsa n'kuika za LED zitatu za mawati 10 iliyonse.

Ndalama inapita yambiri ndithu, koma sindinawerengenso ngati kale. Kwa anzanga amene mukumanga, ganizirani swichi yachiwiri musanathire simenti panjira, chifukwa kukumba pambuyo n'kodula.

Pano amayi amayatsa pabalaza, n'kutsetsereka pang'onopang'ono, n'kukazimitsa pageti. Ndinawauza kuti nyale zatsopanozi akhoza kuzisiya ziyake mpaka kuche, sizidya kanthu. Anangoseka nati, "Iwe, ndizizimitsabe. Ndimakudziwa ndi mayunitsi akowo."